Malaya Achitsulo a Pemphero

Mwana akalowerera, anthu amathamangira kufunsa kuti kwawo n'kotani. Kwa a Jafeti kunalibe choloza chala. Nyumba yawo inali kumunsi kwa sikimu ya mpunga ya Likangala, kufupi ndi kumene mtsinje umakathera m'mabango a nyanja ya Chilwa. Bambowo ankalima mpunga, ndipo nyengo yoletsa usodzi panyanja ikatha ankapita kukaponya maukonde. Mowa sankaulawa. Akazi awo, mayi Elenala, ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi kutchalitchi, ndipo akatsegula pakamwa ankamveka ngakhale kwa amene akutunga madzi kumjigo. Anali ndi ana atatu. Woyamba anali Pemphero, mnyamata wa Fomu 2 wamutu wabwino pa masamu, ndipo otsatira anali atsikana awiri a kupulayimale.

Foni inalowa m'nyumbamo ngati dalitso. Malume ake a Pemphero anaitumiza kuchokera ku Joni kuti mnyamatayo aziwerengerapo za kusukulu, ndipo miyezi yoyamba inagwiradi ntchito imeneyo.

Chaka chimenecho chimanga chinapserera ndi ng'amba chisanabereke. Nkhokwe inasanduka poikira nkhuku. Chakudya chonse cha banjali, kufikira mvula ina, chinali chitaima m'madzi pa puloti imodzi ya mpunga wa Kilombero, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa zimenezo, ngakhale kamtsikana kotsiriza.

Mpunga utatulutsa ngala, a Jafeti anatenga ukonde wawo wachiwiri, umene unali usanathe kwenikweni, naukunga pamitengo pamwamba pa mpunga, mbali ya kumabango kumene mpheta zimatulukira. Kwina konseko anamangako zingwe zokhala ndi zitini za miyala, ndipo zingwe zonsezo zinkakathera pansanja imene anaimanga pakona. Atamaliza anaitana mwana wawo.

"Pemphero, tamvetsera. Ukondewu sukukwana puloti yonse, ndiponso uli ndi mabowo. Umangochepetsa mbalame, suziletsa zonse. Chotsalacho ndi maso ako ndi pakhosi pako. Ukachokapo pano, chaka chino tidya dothi."

Pemphero anayankha kuti wamva. Sukulu inali itatsekera, choncho panalibe chomulepheretsa. M'mawa mwake bambowo ananyamuka kupita kunyanja, kumene asodzi amakhala masabata angapo pa zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa mabango, akuyanika matemba.

Masiku oyamba mnyamatayo anagwira ntchito yosiririka. Dzuwa linkamupeza ali kale pansanja, akukoka zingwe, akukuwa, akuponya zibuma ndi legeni. Koma kupirikitsa mbalame ndi ntchito yotopetsa mutu kuposa thupi. Munthu umakhala wekha tsiku lonse, wolankhula naye ndi achule. Pemphero anayamba kutulutsa foni, ndipo foni ikamagwira ntchito imafuna moto. Moto unali kwa Dan.

Dan anali ndi kashopu kometera ndi kutchajira mafoni m'mbali mwa msewu wa sikimu, kasola kali padenga. Anali wamkulu kwa Pemphero ndi zaka zingapo. Sukulu anaisiyira panjira, ngakhale iye ankati sukuluyo ndi imene inamulephera. Pabenchi yake sipankasowa anyamata oweramira mafoni ngati akupemphera, ndipo tsiku lina Pemphero anasuzumira kuti aone chimene chikuwaweramitsa.

Inali gemu. Aliyense anali ndi msilikali wake amene ankamuyendetsa ndi zala m'dziko la mapanga, mileme yoluma, ziphona ndi njoka zolavula ululu. Pamwamba pa msilikali aliyense panali mzere wofiira wosonyeza moyo wake. Akamenyedwa mzerewo unkafupika, ukatha ndiye kuti wafa. Dan anamuikira gemuyo mufoni mwaulere, monga mmene nyambo imakhalira yaulere kwa mlamba.

Msilikali wa Pemphero anayamba ndi malaya achikopa, ndipo ankangofa. Akalowa m'phanga loyamba mileme inkamuunjirira, mzere wofiira n'kutha asanaone n'komwe chimphona. Msilikali wa Dan ankadutsa pakati pa mileme yomweyo ngati akupita kumsika.

"Nkhani ndi malaya, mfana," anatero Dan. "Mleme ukaluma umachotsa mapointi eyiti pamoyo wako. Achikopa akowo amadula fili basi, faifi enawo amakulowa m'thupi. Ikabwera yambiri, wapita. Anga achitsulowa amadula teni pa kumenya kulikonse. Ndiye eyiti kuchotsa teni, chikundifika n'chiyani?"

"Palibe."

"Eya. Tizilombo ting'onoting'ono ine sinditiwerengera. Timaluma chitsulo. Ngakhale chimphona chikamenya fote, ine ndimamva sate."

Pemphero anakondwa kwambiri, pakuti awa anali masamu amene ankawamva. Pobwerera kumunda ankawerengetsera m'mutu kuti ndi malaya otere angafike pati. Panali zinthu ziwiri zokhudza malayawo zimene Dan sanamuuze, ndipo iye sanafunse.

Kumunda netiweki ya foni inkavuta, choncho gemu inkakoma pabenchi ya Dan. Poyamba Pemphero ankachoka pansanja masana okha, mbalame zikabisala dzuwa. Kenaka masanawo anayamba kutalika mbali zonse ziwiri. Mtima ukamamutsutsa, ankauyankha ndi masamu a Dan. Mpheta ndi kambalame koti ukakagwira m'manja sukamva kulemera. Kangadye mpunga wochuluka bwanji? Ndipo ukonde si ulipo, ukudula? Mnyamata wanzeru uja anaiwala kuti pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo kuti mwambiwu mpheta zimaudziwa kuposa anthu.

Woyamba kudandaula anali a Lameki, mwini puloti yoyandikana nayo. Anafika kunyumba kwa a Jafeti n'kuuza mayi Elenala kuti nsanja yawo ikumakhala yopanda munthu, ndipo mbalame zikakhuta kumeneko zikumadzatsukira mkamwa kwa iwo. Mayiwo anapepesa, nanena kuti mwanayo wakhala akumva mutu. Ankadziwa kuti si zoona. A Lameki atachoka, anadikira mwana wawo pakhonde.

"Pemphero, mpunga uja ndi umene uli m'mimba mwa azilongo akowa chaka chonse. Kodi foniyo idzakuphikira?"

"Amayi, mukudandaula chiyani? Ukonde ulipo. Ine ndimangopita kukatchaja."

"Bambo ako akadzamva, ine sindidzakuikira kumbuyo."

Anatero pakamwa pokha. A Jafeti ataimba foni kuchokera kunyanja kufunsa za kumunda, mayi Elenala anayankha kuti zonse zili bwino, mnyamata akulimbikira. Kuyambira tsiku limenelo, akamaliza ntchito zapakhomo ankapita okha kukakhala pansanja nthawi imene mwana wawo wasowa. Ankakuwa mpaka madzulo ndi mawu awo a kwaya aja. Pemphero ataona kuti pansanja pakumakhala munthu, anapeza chifukwa china chosafulumirira kubwerera. Mayiwo ankamukonda mwana wawo, koma chikondi chotere chimaphimba chilonda osachitsuka.

Sabata yotsatira anyamata a pabenchi anapangana zokalowa limodzi m'phanga la njoka yaikulu, kumene kunali chuma cha gemu yonse. Anamuuza Pemphero kuti wa malaya achikopa sapita nawo, angakawachedwetse. Zinamuwawa kwambiri. Dan anamusiya kuti zimuwawe tsiku lathunthu, kenaka anamukokera kuseri kwa shopu n'kumuuza kuti ali ndi malaya achitsulo ena apadera, ndipo gemu imalola kupatsana katundu.

"Ndalama ndilibe, a Dan."

"Ndani wanena za ndalama? Ukonde uja madala anaupachika pampungawu ukungopsa ndi dzuwa. Ndili ndi msodzi ku doko la Kachulu amene akuufuna."

"Nanga mbalame?"

"Mpunga watsala pang'ono kucha, aise. Ndipo masteni ako si akumakhalapo pansanja? Udzangonena kuti akuba anadutsa."

Pemphero anakana tsiku limenelo. Tsiku lotsatira anakana mofooka. Lamlungu m'mawa anauza amayi ake kuti iwo apite kutchalitchi, iye akhala kumunda, ndipo mayiwo anasangalala poganiza kuti mwana wabwerera m'nzeru. Sikimu yonse inali zii, anthu ali kumapemphero. Anamasula ukonde wa bambo ake pamitengo, naupinda, naulowetsa m'thumba la feteleza. Pamene belu lotulukira kutchalitchi linkalira, thumbalo linali pakaliyala ya njinga ya Dan, ndipo msilikali wa Pemphero anali atavala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Madzulo anauza amayi ake kuti anangopita kukamwa madzi, pobwera anapeza ukonde palibe. Mayi Elenala anamuyang'anitsitsa m'maso. Thupi lawo linali litayamba kale kutentha ndi malungo, chifukwa udzudzu wa m'sikimu suona kuti uyu ndi woimba kwaya. Anangoti, "Mulungu akuona," n'kukagona.

Mpunga unali pa msinkhu umene mpheta zimaukonda kwambiri, njere zikadali zofewa ngati mkaka. Mbali ya kumabango inali tsopano pambalambanda.

Tsiku la phanga la njoka linali Lachitatu. Pemphero anadzuka m'mawa, napita kumunda, nakoka zingwe kangapo kuti a Lameki amve zitini, kenaka anazemba kudzera m'ngalande. Amayi ake anali chigonere. Atamva kwa ana aakazi aja kuti achimwene awaona akulowera kwa Dan, anadzuka, namanga chitenje, nayenda pang'onopang'ono kupita kumunda.

Pabenchi zinthu zinayamba bwino. Msilikali wa Pemphero analowa pakati pa mileme, ndipo pamwamba pake pankangotuluka ziro, ziro, ziro. Mnyamatayo anaseka mpaka misozi. Anasiya n'kuimenya komwe milemeyo, n'kumangoima pakati pawo kuti anzake aone. Sanalabadire kamzere kena kachikasu pansi pa kofiira kaja, kamene kankafupika pa kuluma kulikonse. Chimenechi chinali chinthu choyamba chimene Dan sanamuuze. Malaya akamadula nkhonya, nkhonyayo sipita kumwamba. Imatsalira m'malayamo, ndipo malayawo amatha.

Chachiwiri anachiona atafika kwa njoka. Njokayo sinamenye, inalavula ululu, ndipo ululu suwerengera chitsulo. Mzere wofiira unayamba kutsika wokha. Pemphero anatembenuka kuti athawe, mileme ija inamutsekera njira, kamzere kachikasu kanatha, malaya anasweka. Kuluma kulikonse kunayamba kulowa kwathunthu, eyiti, eyiti, eyiti. Msilikaliyo anagwa, ndipo lamulo la phangalo linali lakuti wofera m'menemo amasiya zonse zimene wavala.

Pemphero anayang'ana Dan.

"Malaya amafuna kukonzetsa kwa wosula, mfana. Sunadziwe?" anatero Dan, maso ali pafoni yake. "Madala alibe ukonde wina?"

Asanayankhe, njinga inaima pakhomo pa shopu. Anali a Lameki, matope mpaka m'mawondo. Sanakalipe. Anangoti, "Iwe, amako agwa m'munda."

Pemphero anathamanga. Ali patali anaona chinthu ngati utsi chikukwera ndi kutsika pamwamba pa puloti yawo, ndipo anadziwa kuti si utsi. Mpheta zinali zitaphimba mpunga wonse, ngala zikuwerama ndi kulemera kwa mbalame. Amayi ake anali atawagoneka m'mphepete mwa ngalande, akazi awo a Lameki akuwapukuta matope kumaso. Mayi Elenala anali atatsika pansanja kuti azithamangitsa mbalame ndi miyendo poona kuti zingwe sizikuthandiza, ndipo chizungulire chinawagwetsera m'madzi. Chitini chinali chikadali m'manja mwawo. Milomo yawo inkayenda, akuyesabe kukuwa, koma mawu sankatuluka.

Mnyamatayo analowa m'munda akukuwa ngati wamisala, akugenda ndi chilichonse chimene dzanja lagwira. Mbalame zinkauluka pamene waima n'kukatera kumbuyo kwake. Anagwira ngala imodzi, naifinya. Munali mankhusu okhaokha.

Mayi Elenala anawatengera kuchipatala pa njinga ya a Lameki, ndipo anagonekedwa masiku angapo. A Jafeti anabwera kuchokera kunyanja atamva uthenga. Anayamba kaye kuchipatala, kenaka kumunda, kumene anazungulira puloti yonse manja ali kumbuyo. Pemphero ankayembekezera ndodo, ndipo mumtima ankaifuna kuti mwina zingamupepukire. Ndodo sinabwere. Bambowo anakhala pansi pa nsanja, namuuza kuti akhale nawo.

"Ukonde wanga ndauona ku Kachulu, m'bwato la munthu wina," anatero. "Zigamba zanga za ulusi wofiira ndimazidziwa. Mwini bwatoyo wandiuza amene anamugulitsa. Ndiye usavutike ndi nkhani ya akuba. Ndiuze chimene unagula."

Pemphero anafotokoza zonse akulira, za mileme, za mapointi, za malaya amene amadula teni pa kumenya kulikonse. A Jafeti anamvetsera mofatsa ngati munthu amene akuphunzira mtengo wa nsomba kumsika wachilendo.

"Ndiye wovala malayawo samva kuwawa?"

"Samva, ababa. Kapena amamva pang'ono."

"Nanga kuwawa kumene sakukumvako kumapita kuti?"

"Kumatsalira m'malayamo. Mpaka amasweka."

Bambowo anagwedeza mutu, nayang'ana njira ya kuchipatala.

"A Lameki atabwera kudzadandaula, iwe sunamve kanthu. Ine nditaimba foni, sunamve kanthu. Dzuwa la pansanja pano, udzudzu, kukuwa, sunamve kanthu. Unkayesa kuti palibe chikukumenya. Pita ukawaone amako mmene aswekera."

Anapita. Anagwada pambali pa bedi, napepesa, naulula za ukonde ndi pakamwa pake. Mayi Elenala anamuika dzanja pamutu. Ananong'ona kuti ankadziwa kuyambira Lamlungu lija, ndipo kuti nawonso analakwa pomubisa kwa bambo ake. Pemphero anachita kuika khutu pafupi ndi pakamwa pawo kuti amve.

Madzi akatayika saoleka. Pomweta, puloti imene inkadzaza ngolo inatulutsa mpunga woti munthu mmodzi anaunyamula pa njinga ulendo umodzi. Foni inagulitsidwa kumsika wa Songani, ndipo chimanga chimene inagula sichinafike mwezi wa Ogasiti. Ana aakazi aja anaphunzira kupita kusukulu m'mimba muli gwa, n'kudzadya kamodzi madzulo. Pemphero sanabwerere ku Fomu 2 chaka chimenecho. Anapita kunyanja ndi bambo ake kukakapa madzi m'bwato ndi kuyanika matemba, ndipo miyezi ya njala ankagwira ganyu m'mapuloti a anthu ena. Sanadandaule, ndipo kwa Dan sanapondekonso. Dan akadali pabenchi yake, ndipo anyamata ena atsopano akuweramira mafoni pamenepo.

Mayi Elenala malungo anachira, koma mawu awo sanabwerere monga kale. Amalankhula mosasa, ndipo akakweza pang'ono amatsokomola. Nyimbo za kwaya amayambitsa ndi mayi wina tsopano. Iwo amaima mzere wakumbuyo n'kumaomba m'manja. Lamlungu lililonse Pemphero amakhala mbali ya abambo, ndipo kwaya ya amayi ikaimirira amaweramitsa mutu. Chaka chotsatira anabwerera kusukulu, ndipo nthawi ya mbalame palibe mwana m'sikimu yonse amene amalawirira pansanja kuposa iye. Koma kulawirira kwakeko sikubweza mawu a amayi ake, ndipo iye amadziwa zimenezo.

Mnyamata kapena mtsikana amene ukuwerenga izi, chenjezo lake ndi ili. Gemu payokha sinabe ukonde. Anaba ndi mwana amene anasiya ntchito yake kamodzi, naona kuti palibe chamuchitikira, nasiyanso kawiri. Ulesi unabala bodza, bodza linabala kuba, ndipo pa sitepe iliyonse iye ankati ndi kanthu kakang'ono ngati mpheta. Tchimo laling'ono usamalipeputse, chifukwa silibwera lokha. Ndipo ukalakwa koma osamva kuwawa, usanene kuti ndapulumuka. Yang'ana m'nyumba mwanu, ufunse kuti kuwawako akukusenzera ndani. Inunso makolo, kubisa kulakwa kwa mwana si kumuteteza. Mulungu amakhululukira wolapa, monga anamukhululukira Pemphero, koma mpunga umene mbalame zadya sabwezera m'ngala.